Sekuru Bauleni ndi Kompyuta Yosaphenya

Amene munakhalapo pa komboni yathu kuno ku Raffingora mukudziwa kale kuti Sekuru Bauleni sankakhala pansi. Amene simunawaone, ingomvani kwa ine Limbani, amene ndinakhala nawo khoma limodzi zaka makumi awiri ndi zinayi: matako awo sindinawaonepo atagunda mpando. Sadza ankadya choimirira, mbale ili kumanzere, akuyenda kuchoka pakhomo kukafika pa khola la nkhuku n'kubwerera. Akazi awo, malemu Mbuya Esinati, ankawalondola pambuyo ndi mbale ya ndiwo, ndipo ankati chomwe ankachidziwa bwino pa mwamuna wawo ndi msana.

Ku tchalitchi anawasiyira malo kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti aziyendayenda osasokoneza kwaya. Ku kiliniki namwino ankawamanga chija choyezera bipi n'kumayenda nawo m'khonde. Kombi sankakwera, poti denga lake ndi lalifupi, munthu sangaimemo. Tsiku lina kondakitala anawamvera chisoni ataona dzuwa lili pamutu.

"Sekuru, kwerani, malo alipo."

"Ndili pachangu, mwanangu. Tsogolani, ndikupezani."

Anawapezadi pa mlatho, kombi itaphwa tayala. Anawathandiza kusintha, n'kupitiriza ulendo wapansi.

Chiyambi chake chinali fodya. Zaka makumi atatu Sekuru anali wowotcha fodya m'mabani a mzungu mwini purazi lino, famu yaikulu ya fodya. Bani likayaka limafuna sabata yathunthu, munthu akusonkhezera nkhuni, akuyang'ana kutentha, akutsekula ndi kutseka timazenera. Iwo ankati, "Ukakhala pansi ugona, ukagona fodya apsa, fodya akapsa wapsa ndiwe." Mzungu anachoka, mabani ambiri anagwa, koma uthengawo sunafike ku miyendo ya Sekuru.

Ine ndine wosiyana nawo. Ndine mlonda, ndipo ntchito yanga ndimaikonda chifukwa cha mpando. Iwo ankanditcha Chitsa.

Ankakonzanso zinthu, ndipo kwa iwo china chilichonse chinali bani. Wailesi, thirakitala, ayironi, ngakhale mwana wa malungo, ankaika dzanja pamwamba, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti mpweya sukuyenda. Zina zinkachira, zina zinkafa ndithu, koma matenda ankawatchula amodzi omwewo.

Chaka chomwe mzungu anachoka, aliyense anatolako kanthu ku ofesi ya purazi. Ena zitseko, ena mapaipi, ine mpando wozungulira. Sekuru anabwera ndi wilibala n'kunyamula kompyuta: chibokosi chotuwa, sikirini yachimimba kumbuyo ngati TV yakale, ndi kiibodi. Anthu anaseka, poti m'nyumba mwawo munalibe ngakhale waya wa magetsi. Koma iwo ankadziwa chomwe ife tinaiwala. Dona wa pa purazi, mkazi wa mzunguyo, ndiye ankayendetsa kakiliniki ka antchito, ndipo chiswe chitayamba kudya buku lakale la ana obadwa, analemba maina onse m'kompyutamo, pamodzi ndi mndandanda wa antchito.

"Muli anthu umu," anatero Sekuru. "Anthu sawasiya m'nyumba yopanda chitseko."

Anaikulunga m'ziguduli za fodya n'kuiika pa tebulo lawo, lomwe kunena zoona linalibe ntchito ina. Chaka chilichonse, fodya akatha, ankaikankha pa wilibala kupita nayo ku sukulu ya pulayimale komwe kuli magetsi a sola, n'kuiyatsa theka la ola, akuti iwongole miyendo. Kenako Mbuya Esinati anadwala zaka zinayi n'kumwalira, ndipo nthawi yonseyo kompyuta sinatuluke m'ziguduli.

Ambiri a ife kuno tinabadwira pa purazi, makolo athu ochokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Tete, koma pepala lonena kuti tinabadwa tinalibe. Munthu imvi zili mbuu, boma silikudziwa kuti ulipo. Ndiye zaka zitatu zapitazo kunamveka kuti a boma olemba zitupa adzakhala pa sukulu yathu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, akatero apita kwina.

Amene nkhaniyi inamugwira pakhosi anali Genoveva, mayi wa makolo a ku Tete, amene amagwira ganyu yosankha fodya kwa alimi atsopano. Mwana wake Netsai anali giredi seveni, woyamba m'kalasi chaka ndi chaka, koma popanda pepala lobadwira sakanalembetsedwa mayeso, ndipo pepala la mwana silikanatuluka mayi ake alibe lawo. Lolemba Genoveva anaima pa mzere kuyambira m'mawa. Atafika pa tebulo anamufunsa kuti anabadwa liti.

"Chaka chomwe damu linaphwa."

Anamuuza mwaulemu kuti damu laphwa kambiri. Abwere ndi tsiku lenileni, dzina la mayi ake, ndi kalata ya ahedi a sukuluyo yochitira umboni kuti aona penapake polembedwa. Khadi lake la ku sikelo linapsa kalekale ndi nyumba ya udzu, ndipo mayi ake anali kumanda.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anawapeza Sekuru akuzungulira mtengo wa mango.

"Sekuru, akuti m'chibokosi chanu muli anthu. Ine ndilimo?"

"Unabadwira pa kiliniki ya dona?"

"Amayi ankatero."

"Ndiye ulimo. Chitsa, dzuka, tenga wilibala."

"Sekuru, ku sukulu atseka," ndinatero.

"Tikadikira pa geti."

"Mpaka mawa?"

Anazungulira mango kawiri akuganiza. "Chabwino. Koma tambala woyamba."

Lachiwiri ahedi, Amai Georgina, anatipatsa kachipinda kosungiramo mabuku komwe kuli soketi. Sekuru sanalole wina kugwira. Anavundukula ziguduli okha, analumikiza zingwe okha, anapukuta sikirini ndi mkono wa jekete, n'kudina batani. Fani inalira mkati ngati ng'ombe yodzuka. Kagetsi kobiriwira kanayaka pa bokosi. Kenako chinthucho chinalira katatu, pii, pii, pii, n'kupuma, n'kuliranso katatu. Koma pa sikirini panali bii. Tinadikira. M'galasi lakudalo tinkangoona nkhope zathu zitatu, yanga, ya Genoveva, ndi ya Sekuru yomwe inkatuluka ndi kulowa.

"Yagona nthawi yaitali," anatero. "Munthu sadzuka ndi maso omwe."

Tinaipatsa mphindi khumi. Sinaphenye. Anazimitsa, anayatsanso. Anamasula chingwe cha buluu cholumikiza bokosi ndi sikirini, anauziramo, anayang'ana timano take padzuwa, n'kupeza kamodzi kopindika. Genoveva anachotsa pini pa chitenje chake, iwo n'kukawongola. Anabwezera, anamanga timasikuluwu mpaka zala kuwawa. Bii. Anapotokola timabatani ta pansi pa sikirini kumanja konse, kenako kumanzere konse. Anaimenya kambama kaulemu m'mbali. Anaitulutsa panja kuti iothe dzuwa ola limodzi, akuti yazizidwa. Anasinthitsa soketi ndi ya mu ofesi ya ahedi, ndipo m'menemo anazungulira tebulo la Amai Georgina kokwana mwina makumi anayi.

"Sekuru, khalani pansi, mukundichititsa chizungulire," anatero ahedi.

"Ndikhala ikaphenya, amai."

Pofika masana mbiri inali itawanda kuti Sekuru Bauleni abweretsa bokosi lomwe muli masiku obadwa. Amene anabwezedwa pa tebulo la boma anayamba kusonkhana panja pa kachipindako. Poyamba asanu, kenako makumi awiri. Aliyense ankasuzumira pa zenera ndi funso limodzi, "Sekuru, ine ndilimo?" Iwo ankayankha kuti onse alimo, angopirira pang'ono. Tsiku linatha bokosi likulira katatu katatu, galasi lili bii.

Lachitatu anagamula kuti tipite nayo kwa Givemore, bambo wachishona amene amakonza mafoni pa mashopu a ku Raffingora. Kuchoka pa komboni ndi makilomita khumi ndi limodzi. Wokankha wilibala ndinali ine, Genoveva atagwirizira sikirini kuti isagwe, Sekuru ali kutsogolo. Ankapita mpaka kukhala kadontho, n'kubwerera kudzatifunsa chomwe chikutichedwetsa, n'kupitanso. Ife tinayenda makilomita khumi ndi limodzi, iwo ndikhulupirira anayenda makumi atatu.

"Sekuru, tipumeko pa mkuyu apo."

"Wapuma zaka makumi anayi, Chitsa. Zikukwanira mpaka Lachisanu."

Givemore ataona katundu wathu anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mudhara, ichi chakafa kare," anatero, kutanthauza kuti chinafa kalekale. "Chinthu ichi ndi cha msinkhu wa amalume anga."

"Chakufa sichilira," anayankha Sekuru. "Yatsa umve."

Givemore ndi munthu wabwino, ndipo Genoveva atamufotokozera za Netsai kuseka kunatha. Anachotsa sikirini yathu n'kulumikiza yake yopyapyala. Bii. Anasintha chingwe n'kuika chake. Bii. Anayesa paliponse pomwe chingwe chikanalowa kumbuyo kwa bokosi. Bii. Kenako anatenga sikirini yathu yachimimba n'kuilumikiza ku kompyuta yake, ndipo inawala bwinobwino, ikuonetsa chithunzi cha timu yake ya mpira.

"Sikirini yanu ilibe mlandu," anatero. "Matenda ali m'bokosi."

Ine ndinayang'ana chimimba chija, cholemera ngati thumba la fetereza, chomwe ndinakankha mtunda wonsewo kuti adzandiuze kuti chili bwino.

Genoveva anafunsa ngati maina sangatulutsidwe m'bokosimo n'kuikidwa mu kompyuta ina. Givemore anati nzeru ndi imeneyo, koma chosungira maina cha bokosi lakale chotere chimafuna chingwe chotakata ngati lamba, ndipo cholumikizira chake sichingapezeke pafupi kuposa ku Harare. Atachiitanitsa lero, chifika a boma atapita.

Nthawi yonseyi Sekuru ankayenda kuchoka pa khomo kukafika pa shelefu, akumvetsera.

"Iwe ukuyang'ana galasi," anatero. "Mvera. Ikulira katatu, osati kawiri, osati kanayi. Bani likamalira limakhala likunena kanthu. Funsa foni yakoyo kuti katatu n'chiyani."

Givemore anakanda mutu, anawerenga dzina la pa bokosi, n'kusakasaka pa foni. Nkhope yake inasintha. Anati pa mtundu uwu, kulira katatu kumaloza ku memore, timatabwa tiwiri tobiriwira totalika ngati chala, tomwe tikasuntha kapena kuchita dzimbiri, kompyuta imayaka koma siionetsa kanthu.

Anamasula bokosi. Abale anga, zomwe tinaona m'menemo. Fumbi la fodya linali litaundana ngati bulangete. Mavu aja omanga ndi dothi anali atamanga komboni yawo pakona, nyumba zisanu ndi ziwiri. Pansi pa fani panali timazira ta buluzi. Sekuru anasuzumira, anawongoka, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Mpweya sukuyenda," anatero pang'onopang'ono.

Mawu amenewa anawanena pa chilichonse kwa zaka makumi awiri, ndipo tsiku limenelo analondola. Palibe anatsutsa.

Givemore anafuna bulashi, koma Sekuru anali atatuluka kale. Tinamva nkhuku ikulira kuseri kwa shopu, mayi wina akukalipa m'Chishona, kenako iwo akulowa ndi nthenga zitatu. Ndi nthengazo anasesa mkati monse. Anabwereka pampu ya njinga n'kupopa fumbi mpaka tonse kuyetsemula fodya wa chaka cha mzungu. Givemore anazula timatabwa tija, anapukuta timano take tagolide ndi labala wa pensulo mpaka kuwala, n'kutibwezera, tikulira kuti thapu, thapu.

"Mukamva ikulira kamodzi, kafupi, ndiye kuti yachira," anatero, akutambasula chala kuti adine batani.

Magetsi anathima.

Wailesi ya m'bala inasiyira nyimbo pakati, chigayo chinazima, Raffingora yonse inangoti zii. Givemore anati mwina abwera masana, mwina mawa, mwina Loweruka. Tinadikira mpaka fili koloko. Ine ndinapeza kabenchi. Sekuru anazungulira mashopu onse, anakonza hendulo ya chitseko cha butchala popanda wowapempha, anabwera kudzadina batani, anapitanso. Pamapeto anati tibwerere ku sola yathu.

Lachinayi m'mawa, titafika m'kachipinda ka mabuku, Sekuru anazindikira kuti kiibodi tinaisiya mu ofesi ya ahedi.

"Chitsa, lumikiza zingwe, ndikubwera."

Ndinalumikiza. Anabwera, anadina batani. Fani inazungulira mofewa, ndipo bokosi linalira kamodzi, kafupi, pii. Genoveva anagwira pachifuwa. Kagetsi kena kofiira kanayamba kuphethira, kusonyeza kuti mkati mukuchitika ntchito. Tonse tinayang'ana galasi.

Bii.

Tsiku limenelo sindilikumbuka bwino, chifukwa linali ngati kuthamanga m'maloto. Sekuru anamasula bokosi kanayi. Anazula timatabwa, anasinthanitsa, anaika kamodzi kokha, anabwezera tonse. Nthawi iliyonse pii kamodzi, galasi bii. Amai Georgina anaimbira Givemore, iye anati mwina ndi kabatire kozungulira ngati batani la jekete, komwe kamakhala mkati, ndipo ali nako kamodzi. Ahedi asanatsitse foni, Sekuru anali pa geti. Anapita ku Raffingora n'kubwerera wapansi, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, dzuwa likuswa mtengo. Anafika cha m'ma folo, kabatire ali nako m'thumba la malaya, milomo itauma gwa. Anakaika. Anadina. Pii. Bii.

Panja anthu anali atayamba kung'ung'udza. Wina anati ataya masiku atatu a ganyu chifukwa cha misala ya mdala. Wina anati m'bokosimo mulibe kanthu, ndi mavu okha. Sekuru anamva. Anatsamira khoma, koyamba m'moyo wanga kuwaona atatsamira chinthu, koma miyendo ikungosinthana pamalo pomwepo.

"Limbani," anatero chapansipansi. Dzina langa lenileni anali asanalitchulepo chiyambire. "Ndinawasunga zaka zonsezi. Kodi ndawafooketsa ndekha ndi fumbi? Esinati akudwala ndikanapeza tsiku limodzi lokha."

Genoveva anawapatsa madzi m'kapu, anamwa choimirira, n'kunyamuka osatsanzika.

Lachisanu a boma ananena kuti fili koloko ayamba kupakira. Tinafika m'mawa, Sekuru atabweretsa nthenga zatsopano, ngakhale munalibenso fumbi loti asese. Anayatsa, anazimitsa, anayatsa. Naini inakwana. Teni inakwana. Genoveva anati watopa kuona nkhope yake m'galasi lakuda, ndipo anazungulira kukaima kuseri kwa tebulo, komwe kumatuluka zingwe. Musaiwale kuti mayiyu ntchito yake ndi kusankha fodya. Masamba awiri amene ine ndingati ndi amodzi, iye amaona kuti ili ndi la mandimu, ili ndi la malalanje. Anayang'ana kumbuyo kwa bokosi nthawi yaitali.

"Sekuru, kuno kuli timakomo tiwiri ta buluu, kena pamwamba, kena pansi penipeni."

"Ndikudziwa."

"Lachiwiri inu munaika chingwe pansipa. Ndinaona, poti ndi pomwe ndinawerama kukupatsani pini. Lero chili pamwamba."

Miyendo ya Sekuru inaima.

"Analumikiza dzulo ndani?"

Ndinayang'ana mabuku a masamu a giredi folo ngati kuti ndikufuna kuwagula.

"Chitsa."

"Timakomo take n'tofanana, Sekuru. Ndipo kapansiko kamafuna kugwada."

Amai Georgina anatseka pakamwa ndi dzanja. Pambuyo pake Givemore anandifotokozera kuti bokosi limenelo lili ndi kakhadi kake ka zithunzi kapansiko, ndipo kakakhalamo, khomo lapamwamba limakhala logontha. Chichokereni kwa iye Lachitatu, kompyuta inali itachira. Makilomita makumi awiri ndi awiri a Lachinayi, Sekuru anayendera maondo anga.

Genoveva anagwada, anazula chingwe, anachilowetsa pansi, anamanga timasikuluwu. Sikirini inathetheka ngati udzu wouma ukugwira moto. Kagetsi kake kachikasu kanasanduka kobiriwira. Kenako, pang'onopang'ono, ngati kukucha, pa galasi panatuluka zilembo zoyera.

Sekuru sanafuule. Anangotuluka, anazungulira buloko yonse ya makalasi kamodzi, n'kulowanso.

Zilembozo zinkadandaula kuti kompyuta yaiwala tsiku, ndipo Amai Georgina anadina batani lomwe inkapempha. Inatenga nthawi kudzuka, ikukukuta mkati ngati mbewa m'nkhokwe. Itatsekuka, Sekuru analoza ndi nthenga kachithunzi ka buku lachikasu pakona. Iwo kuwerenga sankadziwa, koma kabukuko ankakadziwa.

Chosindikizira panalibe. Ahedi anakhala kutsogolo kwa sikirini, aphunzitsi awiri anatenga mapepala ndi chidindo cha sukulu, zenera linatsekulidwa, ndipo anayamba kuwerenga maina mokweza. Anthu anakhamukira pa zenera, ngakhale aja ankang'ung'udza dzulo.

"Genoveva, mwana wa Ana Joze. Pa 14 Malichi, 1984. Makilo awiri ndi theka. Mayi ndi mwana ali bwino."

Genoveva anali akadali chogwada pafupi ndi bokosi.

"Amai, werenganinso dzina la amayi anga."

Ahedi anawerenganso. Iye anagwedeza mutu, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa Sekuru. "Takhuta," anatero, kuthokoza kwa kwawo ku Tete komwe ndinali ndisanamumvepo akulankhula. Anatenga kalata yake inki isanaume n'kuthamangira ku tebulo la boma.

Kenako panabuka milandu. Mayi wina amene ankadzitcha mtsikana anapezeka kuti ndi wamkulu kwa mwamuna wake zaka zisanu ndi chimodzi. Amapasa ena anamva kuti wamkulu ndi amene ankamuyesa wamng'ono. Ine ndili ndi mnzanga William, kalipentala, amene kuyambira ubwana ndinkamutcha achimwene, kumupatsa ntchafu ya nkhuku, kumulandira chikwama panjira. Ahedi anawerenga tsiku lake, anawerenga langa. Ndine wamkulu ndi miyezi isanu ndi itatu.

"Makina akale amalakwitsa," anatero William.

"Bweza ntchafu zanga," ndinatero.

A boma ataona mzere wa makalata, anachedwetsa kupakira mpaka faifi. Tsiku limenelo analemba anthu makumi anayi ndi asanu ndi awiri a pa komboni yathu, Netsai ali m'gulu. Mayeso analemba, anakhoza, pano ali ku sekondale. Nthawi yonseyo Sekuru ankathamanga pakati pa zenera ndi tebulo la boma, akuperekeza makalata omwe eni ake akanatha kunyamula okha, akubwerera kudzaika dzanja pa bokosi kuti amve ngati latentha, akulipepesa ndi chikuto cha buku.

Anthu atatha, Amai Georgina anatsekula mndandanda wa antchito, n'kuwaitana.

"Sekuru, nanu mulimo."

"Werengani timve."

"Bauleni, wa kumabani. Wochokera ku Malawi." Ahedi anaima kaye. "Pa tsiku lobadwa sanalembepo kanthu."

Iwo anabwera m'dziko lino ali pamsana pa mayi awo, kale kiliniki ya dona isanamangidwe. Anapita ku tebulo la boma, ndipo mkulu wina wachifundo anawauza kuti zitheka akabwera ndi mboni ziwiri zowaposa msinkhu zomwe zinawaona ali mwana.

"Wondiposa msinkhu kuno ndi mkuyu uja wa panjira," anatero Sekuru. "Ndipo sulankhula."

Anabwera kudzatiuza akuseka. "Ndiye kuti ine sindinabadwe. Zili bwino. Wosabadwa safa."

Apa pokha anaphonya. Chaka chotsatira, mwezi wa Febuluwale, ankathandiza mlimi wina watsopano kuwotcha fodya m'kabani kake ka njerwa. Masanasana, akuchoka pa mulu wa nkhuni kupita pa ng'anjo, chipika chili paphewa, anagwa chafufumimba. Mwini munda anathamanga, koma anapeza zatha. Akuti fodya wa m'bani limenelo anatuluka wachikasu bwino, wopanda tsamba ndi limodzi lopserera.

Mtanda anakhoma ndi William. Atalemba dzina, anandifunsa kuti pa kubadwa alembepo chiyani. Tinafunsana pa maliro ponse, palibe anadziwa. Anangolemba tsiku lomwalira, pamwamba pake n'kusiya thabwa loyera. Kompyuta ili mu ofesi ya ahedi. Maina onse anawakopera m'buku lalikulu, ndipo Givemore anapeza cholumikizira chija n'kuwasunganso kwina, osauzidwa ndi munthu.

Komboni yathu pano ndi yodekha, ndipo kudekha kwake sikukoma. Zitseko zikaguluka zimakhala choncho, eni ake amangozitsamiritsa. Mwezi watha mjigo wathu unafa. Chogwirira chinkangotsika chopanda mphamvu, madzi osatuluka. Tinasonkhana m'mawa, amuna ndi akazi, zidebe zili mbwee. Wina anati ndi labala wa pansi, wina anati ndi tcheni, wina anati paipi yang'ambika. Sipanala inalipo, William anabwera nayo, ili m'manja mwake. Koma palibe anawerama. Tinangoima mozungulira, tikulankhula, ndipo ndinaona kuti aliyense akamaliza kunena zake amatembenuka kuyang'ana kanjira kochokera ku nyumba zathu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu dzuwa linakwera tili pomwepo, nkhani zitatha.

"Kodi tikudikira ndani?" anafunsa Genoveva.

Mmodzimmodzi tinatola zidebe zathu n'kutsikira ku damu.